Zengerezu sachira ndi chikwapu

Inali 11 koloko usiku, kutatsala ola limodzi kuti atseke kulandira makalata ofunsira ntchito ina yomwe ndinkaifuna ndi mtima wonse. Chilengezo chake ndinachiona masabata atatu m'mbuyomo, ndipo ndinachita kuuza anzanga kuti iyi yokha ndi yanga. CV inalipo, masatifiketi ndinali nditawajambula kale. Chomwe chinatsala ndi kalata ya tsamba limodzi basi. Koma m'masabata atatuwo ndinachapa nsapato zanga zonse, ndinasuntha bedi kawiri, ndinaonera ma video a anthu akuphika zakudya zomwe sindidzaphikako moyo wanga wonse, kalata ija ili pomwepo ndi mzere umodzi. Ndikangotsegula laputopu, mtima unkagunda ngati ndathamanga, m'manja thukuta lokhalokha. Ndiye ndinkaitseka n'kudziuza kuti mawa m'mamawa.

Usiku womalizawo magetsi anazima cha m'ma 9. Ndinayesa kulemba pafoni, zala zikunjenjemera, koma 12 koloko inakwana ndili pa ndime yachiwiri. Patapita mphindi zochepa foni inalira. Unali uthenga wochokera ku app ina yomwe ndinaiika mwezi womwewo kuti izindilimbikitsa. Inkandidziwitsa kuti ndadula mndandanda wa masiku anga, n'kuwonjezera kuti anthu opambana sapereka zifukwa. Ndinaiponya foni pabedi n'kulira ngati mwana.

Nkhaniyi sindikuifotokoza kuti mundimvere chisoni. Ndikudziwa kuti ambiri a inu amene mukuwerenga pafoni panopa muli ndi kalata yanuyanu: assignment, dissertation, fomu ya ngongole ya sukulu, lipoti la kuntchito, kapena landilodi yemwe mukuyenera kumuimbira koma sabata yatha mukumuzemba. Ndipo zikatikulira, ambiri timathamangira ku Play Store kukasaka mankhwala. Maganizo anga ndi awa: app ikhoza kuthandiza ndithu, koma pokhapokha ikakhala yofatsa, yosadya ndalama, yosunga chinsinsi, komanso yodziwa polekezera. App yomwe imakuchititsani manyazi kuti mugwire ntchito ikungokolezera moto womwe inu mukufuna kuzimitsa.

Si nkhani ya ulesi wokha

Tonse tinakula tikumva kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambiwu ndi woona, ine ndine mboni. Koma umangotiuza za mathero, sutiuza chomwe chinamugwira mwendo zengerezuyo kuti asanyamuke. Kunyumba ndi kusukulu yankho limakhala limodzi: ulesi. Nanga munthu waulesi n'kuchapa nsapato zonse za m'nyumba? Waulesi weniweni amagona tulo tokoma, alibe nazo ntchito. Ife ozengereza sitigona. Ntchito yomwe sitinaigwire imatitsata kubafa, mu minibasi, ngakhale kutchalitchi pa nthawi ya ulaliki.

Mu 2013, akatswiri awiri a zamaganizo, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl, anafotokoza kuti gwero la kuzengereza ndi kuthawa kumva kuipa mumtima. Zimayenda chonchi. Ntchito ina ikakubweretserani mantha, manyazi kapena chikayiko, ubongo umafuna pothawira msanga. Mukatseka buku n'kutsegula TikTok, mtima umakhala m'malo nthawi yomweyo. Ubongo umasunga phunziro loti kuthawa kumathandiza, ndiye mawa umakuuzani kuti muthawenso. Vuto ndi loti ntchito ija sichoka. Mawa mumaipeza ili pomwepo, masiku achepa, ndipo pamwamba pa mantha aja pabwera kudziimba mlandu. Katundu walemera kuposa dzulo, choncho chilakolako chothawa nachonso chakula.

Tsono taganizani zomwe zimachitika munthu wotereyu mukamukalipira. Mwamuwonjezera manyazi, chinthu chomwe amachithawacho. Ku Carleton University m'dziko la Canada, Michael Wohl, Pychyl ndi Shannon Bennett anatsatira ophunzira a chaka choyamba pa mayeso awiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Ophunzira omwe anadzikhululukira chifukwa chozengereza kuwerenga pa mayeso oyamba, anazengereza pang'ono pokonzekera mayeso achiwiri poyerekeza ndi anzawo omwe anapitiriza kudzizonda. Nditawerenga zimenezi koyamba ndinaseka, chifukwa ine ndinkaganiza kuti ndikasiya kudzinyoza ndiye kuti ndagonja. Kumeneko n'komwe ndinkasochera.

Lero tazunguliridwa ndi chilimbikitso cha chikwapu. Pa status ya WhatsApp: ukugona anzako akupanga ndalama. Pa TikTok: mkulu wina ataima pafupi ndi galimoto yomwe mwina si yake, akukuuzani kuti ngati simudzuka 4 koloko ndinu mdani wa tsogolo lanu. Ma app ambiri atengera mzimu womwewu. Amawerenga masiku omwe mwachita bwino motsatizana, ndipo mukadumpha limodzi mumabwerera pa ziro. Kadzidzi wa Duolingo adatchuka dziko lonse mpaka kusanduka nthabwala chifukwa cha mauthenga ake okumbutsa anthu phunziro. Kwa ena zimenezi zimagwira ntchito, ndipo sindikuwatsutsa. Koma kwa munthu yemwe mtima wake uli kale m'mwamba, kuona masiku 40 afufutika chifukwa bandulo inatha kapena magetsi anazima tsiku lonse, kumangomutsimikizira bodza lomwe amadziuza kale loti palibe chomwe amatha.

Mafunso asanu musanadine Install

Loyamba: kodi app imeneyi imandilankhula bwanji ndikalephera? Tsiku lomwe zonse zayenda bwino, app iliyonse ndi yabwino. Mayeso ake enieni ali pa tsiku lomwe mwagwa. Yesani dala: ikani, musaitsegule masiku awiri, muone uthenga womwe ibweretse. Ikakulandirani bwino n'kukufunsani kuti tiyambire pati, isungeni. Ikakuonetsani zilembo zofiira ndi chiwerengero cha zomwe mwataya, ichotseni. Mawu omwe simungalole mnzanu kukulankhulani, foni yomwe munagula ndi ndalama zanu isakulankhuleni. Finch, mwachitsanzo, imakupatsani kambalame koti mukasamalire pochita tinthu ting'onoting'ono monga kumwa madzi kapena kuyala bedi, ndipo kambalameko sikafa mukasowa masiku angapo. Forest imakubzalitsani mtengo womwe umakula mukaisiya foni, koma umauma mukathawira ku app ina nthawi isanakwane. Mnzanga wina amaikonda kwambiri. Ine mitengo youmayo inkandipweteka mtima, ndiye ndinaisiya. Dziwani mtima wanu.

Lachiwiri: idya zingati? Calm ndi Headspace ndi mayina akuluakulu pa nkhani yokhazika mtima pansi, ndipo zomwe amapanga n'zooneka bwino. Koma kuti mutsegule zonse, mu 2023 mtengo wake unkafika pafupifupi madola 70 pa chaka. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse cholipira m'madola chinakwera nthawi yomweyo. Samalaninso ndi mawu oti yesani ulere kwa sabata imodzi. Nthawi zambiri amayamba akufunsani khadi ya kubanki, ndipo mukaiwala kuletsa sabatayo isanathe, amadula ndalama okha. Munthu wozengereza ndiye amene amaiwala kuletsa, eti? Palitu zina zaulere zenizeni. Medito imapangidwa ndi bungwe losafuna phindu ndipo silipiritsa. Smiling Mind ya ku Australia nayonso ndi yaulere. Insight Timer ili ndi zomvera zambirimbiri zosalipira.

Koma kwathu kuno ulere umathera pa data. App yomwe imafuna intaneti nthawi iliyonse mukafuna kumvera mawu a mphindi khumi idzakuthetsani bandulo, ndipo tsiku lomwe mwaifunitsitsa, 2 koloko usiku netiweki ikuvuta, sidzatseguka. Onani ngati imalola kusunga zomvera pafoni, kuti mukapeza Wi-Fi kusukulu kapena kuntchito mudaunilodiretu. Onaninso kukula kwake. Ambiri tili ndi Tecno, Itel kapena Infinix zomwe malo ake adadzaza kale ndi zithunzi za ku ukwati ndi ma voice note a gulu la kumudzi. App yomwe imachedwetsa foni siingakhazike munthu mtima pansi.

Lachitatu: zinsinsi zanga zikupita kuti? Apa mpamene ambiri sitilabadira. Ma app amenewa amafunsa zinthu zomwe ngakhale mayi anu simunawauzepo: mumagona bwanji, mumalira kangati, chibwenzi chikuyenda bwanji, mumamwa mankhwala anji. Mu 2023, bungwe la boma la America loteteza ogula la Federal Trade Commission linalamula kampani ya uphungu wa pa intaneti ya BetterHelp kulipira madola 7.8 miliyoni, poiimba mlandu wopereka zokhudza makasitomala ake ku makampani monga Facebook ndi Snapchat kuti azitsatsira malonda. Mu 2022, bungwe la Mozilla linaunika ma app 32 a zaumoyo wa maganizo ndi a mapemphero, ndipo ochuluka mwa iwo analandira chenjezo chifukwa chosasamala zinsinsi za anthu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024, koma kulondola kampani yomwe ili kutsidya kwa nyanja si masewera. Chitetezo choyamba ndi chala chanu. App yophunzitsa kupuma ikapempha kuona manambala a anzanu, zithunzi zanu kapena komwe muli, dzifunseni kuti ikufuna zimenezo zantchito yanji, kenako mukane.

Palinso chinsinsi china chapafupi chomwe opanga ma app akunja saganizira. Kwathu foni imabwerekedwa. Mng'ono wanu akufuna kusewera gemu, azakhali akufuna kuimba, chibwenzi chikufuna kungoona nthawi. Ngati mumalemba zakukhosi mu app, onetsetsani kuti ili ndi loko wakewake, ndipo zimitsani mauthenga omwe amaonekera pa sikirini foni ili chitsekere.

Lachinayi: kodi imandibwezera ku moyo wanga kapena imandisunga mufoni? Ndiulule tchimo langa. Panali nthawi yomwe ndinali ndi ma app asanu ndi awiri othandiza kugwira ntchito, ndipo ndinkatha madzulo onse ndikuwakonza, kusankha mitundu, kulemba ndandanda yokongola ya zochita, ntchito yeniyeniyo osaikhudza. Kusaka app yabwino kunasanduka njira yatsopano yozengerezera, yomwe inkandipusitsa kuti ndikuchitapo kanthu. Paja mapanga awiri avumbwitsa, nanga asanu ndi awiri? Kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2019 anapeza kuti pa ma app otchuka a zaumoyo wa maganizo, mwa anthu 100 aliwonse omwe aika app, omwe amaitsegulabe pakatha mwezi sakwana ndi anayi omwe. Choncho ngati munaika n'kuisiya, musadzione ngati wolephera, muli m'gulu lalikulu. Sankhani imodzi, ikachuluka ziwiri: ina yokhazika mtima pansi, ina yokuthandizani kuyamba ntchito. App yabwino imakutengerani mphindi zisanu n'kukumasulani.

Lachisanu: ikulonjeza chiyani? Mukaona yolemba kuti ithetsa nkhawa zanu zonse m'masiku asanu ndi awiri, kumbukirani chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupezeka pa Play Store ndi nyenyezi zisanu sikutanthauza kuti madokotala adaiyesa. Chimodzimodzinso ma chatbot monga ChatGPT, omwe achinyamata ambiri tayamba kuwauza mavuto athu usiku. Amathandiza kuphwanya ntchito yaikulu kukhala tizidutswa, ndipo ine ndimawagwiritsa ntchito pa zimenezo. Koma sakuonani nkhope, sadziwa kuti mwaonda, ndipo kawirikawiri amangovomereza zomwe mwanena. Munthu yemwe maganizo ake akumunamiza amafunika wina woti amutsutse mwachikondi.

Zomwe muli nazo kale m'thumba

Chodabwitsa n'chakuti zomwe zandithandiza kwambiri sizinafune kudaunilodi chilichonse. Choyamba ndi wotchi ya pafoni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, wophunzira wina wa ku Italy, Francesco Cirillo, ankavutika kuwerenga. Anatenga kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato n'kudzipatsa kanthawi kochepa koti awerenge osadukiza. Mmenemo ndi momwe munabadwira njira ya Pomodoro, dzina lomwe m'Chitaliyana limatanthauza tomato: mphindi 25 kugwira ntchito, mphindi 5 kupuma. Ine pa masiku ovuta mphindi 25 zimandikulira, ndiye ndimatchera 10. Ndimadziuza kuti ikalira ndili ndi ufulu wosiya. Nthawi zambiri sindisiya, chifukwa chomwe chimaopsa ndi khomo lolowera. Ukangolowa, umapeza kuti chilombo chija chinali chithunzithunzi. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Chachiwiri ndi mpweya. Munthu akachita mantha amapuma mothamanga ndiponso mosafika pansi, ndipo thupi limamva ngati ngozi ikadalipo. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumachepetsa kugunda kwa mtima. Ofufuza a ku Stanford University mu 2023 anayesa njira iyi kwa mphindi zisanu patsiku kwa mwezi umodzi: kokani mpweya ndi mphuno, musanautulutse kokaninso pang'ono, kenako muutulutse wonse pang'onopang'ono kudzera m'kamwa. Omwe ankachita zimenezi ananena kuti akumva bwino mumtima kuposa poyamba. Anali kafukufuku wa anthu ochepa, ndiye tisamutenge ngati chozizwitsa. Komabe njirayi ndi yaulere, ndipo mungathe kuichita pa mzere wa kubanki popanda wina kudziwa. Ine ndimaichita ndisanaimbire foni munthu waudindo yemwe ndikufuna kumufunsa mafunso ovuta.

Chachitatu chili mu Settings. Mafoni ambiri a Android ali ndi Digital Wellbeing, momwe muli Focus mode yotseka kwa kanthawi ma app omwe mwasankha, komanso malire a nthawi pa app iliyonse. Pa iPhone pali Screen Time. Tsegulani muone maola omwe munathera pa TikTok sabata yatha, koma muwaone ngati mmene namwino amaonera sikelo, osati ngati woweruza. Kenako zimitsani ma notification onse osafunika. Tisanamizane, n'zosathandiza kuika app yokhazika mtima pansi mufoni yomwe ikulira kambirimbiri pa ola ndi magulu khumi a WhatsApp, nkhani za mitengo ya zinthu, ndi zithunzi za anzanu a kusukulu omwe akuoneka ngati zonse zawayendera.

Chachinayi ndi kupangana ndi nthawi komanso malo. Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer adaonetsa kuti anthu amakwaniritsa kwambiri zolinga zawo akaneneratu kuti zikatere, nditere. Kunena kuti mawa ndilemba n'kosavuta kuzemba. Kunena kuti ndikangomwa tiyi, ndikhala pampando wa pakhonde n'kulemba mzere woyamba, kumachotsa mkangano wa m'mutu woti ndiyambe liti. Ndipo mzere woyambawo uloleni ukhale woipa. Mkonzi wina yemwe anandiphunzitsa ntchito ankandiuza kuti nkhani yoipa amatha kuikonza, koma tsamba lopanda kanthu alibe nalo chochita.

Akuluakulu akunena zoona, koma si zonse

Ndikudziwa zomwe malume anga anganene atawerenga izi. Anganene kuti ana a masiku ano ndinu ofewa, ife tinkadzuka tambala woyamba kupita kumunda popanda app. Pali choona pamenepo. Kufatsa sikufufuta deadline, ndipo bwana sangakulipireni chifukwa mwadzikhululukira. Kudzikhululukira komwe ndikunena sikutanthauza kuti zilibe kanthu. Kumatanthauza kuvomera kuti dzulo ndinalakwitsa, zandipweteka, tsono lero ndiyambira apa. Mphunzitsi wabwino amafuna kuti ukhoze ndipo sakusekerera, koma sakutcha chitsiru.

Komanso akuluakuluwo akuiwala kuti iwo sankalimbana ndi munda waukulu paokha. Kunali dima. Mwini munda ankakonza thobwa kapena mowa, anthu a m'mudzi n'kubwera ndi makasu, ntchito ya masabata n'kutha tsiku limodzi, nyimbo zili pakamwa. Makolo athu ankadziwa kuti ntchito imaopsa ukamaiyang'ana wekha. Ife tikulimbana ndi minda yathu aliyense m'chipinda chake, chitseko chotseka, maso pa sikirini. Ndiye bwanji osapanga dima lathu? Ine ndi mnzanga wina timatumizirana uthenga 7 koloko madzulo: ndayamba. Pakatha theka la ola: wafika pati? Palibe kukalipirana. Wina akalephera timangoti aise, mawa tiyesenso. Dongosolo limeneli lakhalitsa kuposa app iliyonse yomwe ndinaikapo.

Pali chinanso chomwe makampani a ma app sanena. Nkhawa zambiri za achinyamata a m'dziko muno zili ndi zifukwa zooneka ndi maso. Digiri ili m'chikwama chaka chachitatu ntchito osaipeza. Fizi ya mng'ono wako ikukuyembekezera iwe. Lendi yakwera, ndipo mtengo wa shuga wa lero si wa mwezi watha. Palibe kulira kwa mvula kojambulidwa komwe kungatsitse mtengo wa thumba la chimanga. Tisalole kuti munthu aliyense wovutika aziuzidwa kuti vuto ndi kaganizidwe kake. Chomwe app kapena kupuma bwino kungachite n'chochepa koma chofunika: kukutsitsirani mtima kufika poti mutha kulemba kalata ija, kuimba foni ija, kupita kukafunsa. Zotsalazo zimafuna ndalama, ndondomeko zabwino za boma, ndi anthu okugwirani dzanja.

Pomwe foni iyenera kulekezera

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa. Awa ndi matenda ngati ena onse, ndipo amachizika. Nkhawa ya mayeso kapena ya intavyu imabwera n'kupita. Koma ngati papita masabata mukulephera kugona, chakudya sichikulowa, mtima ukumathamanga mwadzidzidzi mpaka kumva ngati mukufa, mwasiya kupita kukalasi kapena kuntchito, kapena mwayamba kudalira mowa ndi chamba kuti mupeze tulo, nthawi ya app yadutsa. Pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse za ogwira ntchito ya zaumoyo wa maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwapenga, monga mmene kupita kukayezetsa malungo sikutanthauza kuti mukufa. Ngati pemphero limakulimbitsani mtima, pitirizani kupemphera, ndipo kuchipatalako mupitenso. Ziwirizi sizilimbana.

Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha ayamba kukubwererani, chonde musawauze chatbot yokha. Uzani munthu lero lomwe, kaya ndi mchemwali wanu, mnzanu, abusa, shehe kapena namwino, ndipo musakhale nokha. Anyamata, apa ndikunena inu makamaka, chifukwa tinakuphunzitsani molakwika kuti mwamuna salira.

Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu omwe ali ndi vuto lomwe m'Chishona amalitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Njirayi yathandiza anthu ambiri mpaka mayiko ena aitengera. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti chida chake chachikulu ndi benchi ndi khutu. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utakhala ndi foni ya mtengo wapatali bwanji.

Patatha miyezi iwiri chichitikire cha usiku uja, kunatuluka mwayi wina wa ntchito. Mantha anabwera ngati kale, thukuta m'manja, mtima phaphapha. Koma ulendo uno app yokalipa ija ndinali nditaichotsa. Ndinapuma kangapo, ndinatchera mphindi 10, ndinalemba mzere woyamba woipa kwambiri moti ndinadziseka ndekha, ndipo ndinatumizira mnzanga uthenga woti ndayamba. Kalatayo inapita kutatsala masiku awiri. Ntchito imeneyo sanandilembe, anangondiitana ku intavyu. Inandilandira ndi ya pambuyo pake, yomwe ikundilola kulemba pano. Mpaka lero ndimazengerezabe, mkonzi wanga akhoza kuikira umboni, koma masiku atatu sasandukanso masabata atatu.

Ndiye usiku uno, musanagone, tsegulani foni yanu muyang'ane ma app omwe munaika kuti akuthandizeni. Iliyonse muifunse kuti, kodi ndikakutsegula ndimatuluka mtima uli m'malo kapena uli m'mwamba? Yomwe imakusiyani mukudziona wachabechabe, ichotseni popanda kupepesa. Kenako sankhani ntchito imodzi yomwe yakhala ikukusowetsani tulo, mulembe papepala kachidutswa kake kakang'ono kwambiri, ndi nthawi yomwe mukachite mawa. Uzani mnzanu mmodzi. Mawa nthawiyo ikakwana, tcherani mphindi 10.